Malipiro a Nthanda: zolemba zanga kuyambira Meyi mpaka Seputembala

Kumapeto kwa Meyi, ali ndi masabata 8

Tabwera naye Loweruka kuchokera ku Luwinga, ali m'katoni ya sopo, ine ndili pa kabaza katoniyo ndaifungatira mpaka kuno ku Chibavi. Ndi galu wamkazi, wachikuda, wofiirira ngati dothi lakatondo, ndipo pachipumi ali ndi kadontho koyera. Mwana wanga atangoona kadonthoko anati, "Amayi, ameneyu ndi Nthanda." Dzina linathera pomwepo.

Mnzanga amene wandipatsa ankafuna ndikamutenge ali ndi masabata 5, poti ana analipo 7 ndipo make anali atatheratu ndi kuyamwitsa. Ndinapempha kuti tidikire akwane 8, ine n'kumatumiza madeya ndi bonya kuti makeyo azidya. Masabata omalizawo ndi pamene kagalu kamaphunzira kwa abale ake kuti mano ali ndi malire: kakaluma mnzake mopitiriza, mnzakeyo amalira n'kuchokapo, masewera n'kutha. Phunziro limenelo agalu amapatsana okhaokha bwino kuposa mmene munthu angachitire.

Ndikulemba zonsezi chifukwa cha galu amene tinali naye tili ku Mponela. Ankakhala pa tcheni usana wonse. Tsiku lina tcheni linaduka, iye n'kuliyatsa liwiro la ku M1, ine ndikufuula dzina lake mpaka mawu kusasa, osacheuka n'komwe. Lole inamugunda ndikuona. Sitinamuphunzitsepo kubwera akaitanidwa, ndipo ngakhale akanamva, akanabwerera chiyani pamene kwa ife kunali tcheni basi? Ndiye kwa Nthanda ndikufuna zochepa koma zigwire: azibwera ndikamuitana, azisiya nkhuku za anthu, asamadumphire alendo, aziyenda pachingwe osandikoka. Choyambacho ndiye chachikulu.

Usiku woyamba analira mpaka atambala. Wachiwiri ndinathira madzi ofunda m'botolo, n'kulikulunga m'juzi yakale ya abambo akunyumba, ndipo anagona atalikumbatira. Mzuzu yayamba kuzizira.

Sabata yoyamba ya Juni

Ndisanamuphunzitse kanthu ndinafuna kudziwa chimene angagwirire ntchito. Ndinaika zinthu zitatu pakhonde, motalikirana: kambamu ka mkute, usipa umodzi wouma, ndi kachiwindi ka nkhuku kowiritsa kopanda mchere. Ndinabwereza masiku atatu ndikusinthasintha malo. Nthawi zonse ankayamba chiwindi, kenako usipa. Mkute ankaununkhiza, n'kuutenga pomaliza ngati akungochotsa zinyalala. Ndiye ndadziwa: mkute ndi chakudya, si malipiro. Usipa ndi wa ntchito wamba. Chiwindi ndikusungira zovuta.

Usipa ndimagula pamsika waukulu, woumika padzuwa wa ku Nkhata Bay, ndipo umodzi ndimauduladula kanayi. Chiwindi ndimachidula ngati njere za chimanga. Kamimba kake n'kakang'ono, zidutswa zikakula akhuta tisanafike patali.

Ku koleji ya uphunzitsi tinaloweza za Ivan Pavlov ndi agalu ake odontha dovu, ndiponso za B. F. Skinner amene ankati khalidwe lotsatiridwa ndi mphotho limabwerezedwa. Tinkalowezera mayeso. Sabata ino ndaziona ndi maso pakhonde panga. Ndasankha liwu limodzi, "Eya!", ndipo masiku awiri oyamba ndinkangonena liwulo n'kumupatsa kausipa, osafuna kanthu kwa iye. Tsiku lachitatu nditati "Eya!" makutu anaima, n'kuyang'ana dzanja langa. Liwulo tsopano ndi lonjezo. Phindu lake ndi lakuti galu amalumikiza malipiro ndi chimene wachita m'sekondi imodzi kapena ziwiri zapitazo. Ndikamapisa m'thumba kufunafuna usipa, iye waimirira kale, ndiye ndalipira kuimirira. Koma "Eya!" amatuluka nthawi yomweyo matako akangogunda pansi.

"Khala" anaigwira Lachinayi. Ndimaika kausipa pamphuno pake, n'kukakweza pang'onopang'ono cha kumbuyo kwa mutu. Mphuno ikamatsatira m'mwamba, kumbuyo kumatsika kokha. Sindinamupanikize msana ngakhale kamodzi.

Za kukodza: ndimamutulutsa akangodzuka, akangodya, akangosewera, pamalo amodzimodzi kuseri kwa nthochi. M'nyumba wakodza kanayi sabata yonse, ndipo kanayi konse ndine ndinachedwa.

Pakati pa Juni

Masiku awiri otsatizana anandisiya ndili chigwadire ndi usipa m'manja, iye n'kukagona pa chiguduli chake. Ndinayamba kuganiza kuti wadwala. Nditabwerera m'kope langa ndinapeza kuti masiku onse awiri ndinamuphunzitsa atangomaliza kudya phala. Wokhuta ungamulipire chiyani? Tsopano ndimaphunzitsa chakudya chisanaperekedwe, mphindi ziwiri kapena zitatu basi, ndipo zimene wadya pophunzira ndimachotsera m'mbale yake. Sikumukhalitsa ndi njala ayi: amadya kanayi patsiku monga kamwana ka msinkhu wake.

Ndaonanso kuti cha m'ma 6 koloko madzulo amasanduka wina, kuluma zitenje, kuluma akakolo, osamva chilichonse. Si mwano, ndi tulo. Kagalu ka msinkhu uwu kamagona maola 18 kapena kupitirira patsiku, ndipo ana akaweruka kusukulu samupatsa mpata. Ndakhazikitsa lamulo kuti akalowa m'katoni yake palibe womudzutsa.

Agogo aamuna oyandikana nafe anandiimitsa pampanda. "Amama, ntcheŵe imeneyi mukuilera ngati mwana. Sidzalondera. Itsekereni m'khola mwamdima, anthu asaigwire, muziithirira tsabola m'chakudya kuti ikule ndi ukali." Anandiuza mondifunira zabwino, ndipo ndinawathokoza. Koma ndinati, "Agogo, pakhomo pano pamasewera ana a mzere wonse. Galu amene sanaonepo munthu adzasiyanitsa bwanji mbala ndi mdzukulu wanu?" Anaseka, n'kunena kuti tiona.

Pamenepa sindisuntha. Zimene kagalu kaona mwamtendere kasanakwane masabata 12 mpaka 14 kamazitenga ngati zamasiku onse, ndipo zimene sikanaone kamadzakula nazo mantha. Galu wamantha ndiye amaluma. Vuto ndi lakuti katemera wake sanathe, ndipo dokotala wa ziweto anandichenjeza za parvo, matenda osanzitsa ndi kutsegula m'mimba mwamagazi, amene kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Ndiye ndimamunyamula m'manja mpaka kumsewu, osamutsitsa. Waona makabaza, njinga zamoto, minibasi, amayi osenza nthochi, bambo wovala chijasi ndi chipewa, ambulera ikutambasulidwa. Ambulerayo inamunjenjemeretsa. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka anasiya kunjenjemera, n'kumupatsa chiwindi akuiyang'ana chapatali. Ndaphunzirapo kanthu: akakana chiwindi ndiye kuti mantha akula, ndamuyandikizitsa.

Kumapeto kwa Juni, masabata 12

Wabayidwa katemera wa chiwewe. Mankhwala a njoka zam'mimba, amene ankamwa masabata awiri aliwonse, tsopano azimwa pamwezi kamodzi mpaka akwane miyezi 6. Chakudya chatsika, katatu patsiku. Ndauza ana onse a pamzere kuti galu aliyense akawaluma kapena kuwakanda, atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka.

Tayamba "Bwera". Ine ndi mwana wanga timakhala mbali ziwiri za khonde n'kumaitanizana, aliyense ali ndi chiwindi. Nthanda amathamanga uku ndi uku makutu ali lendelende. M'nyumba ndi pakhonde, 10 pa 10.

Julaye

Mwezi uno wandivuta, ndipo ndilemba motalikirapo.

Katemera atatha ndinayamba kumumasula pabwalo. Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke, thadzi la a neba linalowa pansi pa mpanda ndi anapiye ake. Nthanda anauma thupi lonse, mwendo umodzi m'mwamba, mchira uli njo. Ndinati "Bwera!" Ndinabwereza. Ndinamuika chiwindi pamphuno penipeni, iye n'kupotoza mutu kuti ndisamutchingire. Kenako anauyamba. Anapiye balala, thadzi likulira, a neba atuluka ndi chitenje m'manja. Palibe mwanapiye amene anafa, koma mtima wanga unabwerera ku Mponela, ku mawu anga osasa aja. Nditamugwira ndinavula patapata n'kumumenya kawiri.

Masiku awiri otsatira ndikati "Bwera" ankabwera theka la njira, n'kuima, mutu pansi, akunyambita milomo. Chiwindi ankachitenga mofulumira n'kubwerera m'mbuyo. Ndinamumenya ali m'manja mwanga, ndiye chimene anaphunzira si chakuti nkhuku n'zoletsedwa, koma chakuti kufika m'manja mwa amayi n'koopsa. Ntchito ya mwezi wathunthu ndinaigumula ndi patapata imodzi. Zinandipweteka kwambiri, ndipo sindidzabwerezanso. Ndinayambiranso pakhonde, mtunda wa mapazi awiri, ngati tsiku loyamba. Zinatenga pafupifupi sabata kuti ayambenso kundigunda m'miyendo pobwera.

Koma funso linatsala: chifukwa chiyani chiwindi chinalephera? Ndinakhala pakhonde madzulo angapo ndikungomuonerera, osaphunzitsa kanthu. Tsamba la mapeyala likauluka ndi mphepo, amalithamangitsa. Tsache likamasesa, amalivumbulukira. Mwana akathamanga, iye pambuyo. Tsamba likaima, alibe nalonso ntchito. Sankafuna kudya nkhuku. Ankafuna chinthu chothawa. Ine ndinkapereka chakudya kwa galu amene nthawi imeneyo njala yake inali ya liwiro.

Ndinadula nsungwi yotalika ngati mkono ndi theka, n'kumangirira chingwe, kunsonga kwa chingwe n'kumangako chigamba cha chitenje chakale. Nditachikoka pansi mozungulira ngati khoswe, Nthanda anachita misala. Anathamanga, anagwa, anadzuka, anachigwira n'kuyamba kukoka akung'ung'udza mosangalala. Sindinamuonepo akufuna chinthu chotero, ngakhale chiwindi.

Tsopano chigambacho ndi malipiro. Sichikhala pansi, chimakhala pamwamba pa kabati, ndipo chimatuluka ndi ine ndekha. Akhale kaye, "Eya!", chigamba chithawe. Akachigwira timakokana pang'ono, kenako ndimaumitsa dzanja, chigamba n'kukhala chakufa. Poyamba ankakoka nthawi yaitali, koma chinthu chosagwedezeka chimamutopetsa. Akangotsegula kukamwa ndimati "Eya!" n'kuchithawitsanso. Umu ndi mmene waphunzirira "Siya": kusiya sikutha kwa masewera, ndi kumene kumawayambitsanso. Katswiri wina wa ku America, David Premack, anafotokoza zimenezi kalekale, kuti chimene nyama imakonda kwambiri kuchita chingakhale malipiro a chimene sichikonda kwenikweni. Amayi athu ankazidziwa osawerenga: tsuka mbale kaye, ukasewere fulaye.

Ndinapempha a neba kuti azindiuza nthawi imene akutsegulira nkhuku. Ndimaima ndi Nthanda pachingwe kumapeto kwa bwalo, patali pamene akuziona koma mutu usanamuthawe. Akayang'ana nkhuku n'kucheukira kwa ine, ngakhale pang'ono chabe, "Eya!", chigamba. Sabata yoyamba tinali pafupi ndi geti. Kumapeto kwa mwezi tafika pa mtengo wa mapeyala, mwina mapazi 15 kuchokera kumpanda. Ndikafulumira kuyandikira amaumanso thupi, ndiye timabwerera.

Sabata yoyamba ya Ogasiti

Ndapeza kadzino pamphasa, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Mano a ukhanda 28 akugwa, akuluakulu 42 akubwera, ndipo izi zipitirira mpaka cha m'miyezi 6 kapena 7. Chigamba akuchithamangitsabe koma akachigwira amachilavula msanga, ndipo ndinaonapo timagazi. Ndasiya kukokana naye. Malipiro amene ndinawapeza movutikira aja andithawanso m'manja.

Akutafuna chilichonse: mwendo wa mpando, chogwirira cha ndowa, nsapato ya sukulu. Ndimanyowetsa kansalu n'kukasiya panja usiku kuti kazizire, m'mawa n'kumupatsa. Karoti wosaphika amamuthandizanso. Abambo akunyumba anafuna kumupatsa mafupa a nkhuku otsala pa nkhomaliro, ndinawaletsa: fupa lophika limasweka mosongoka. Msuzi wotsala nawonso ayi, chifukwa ndiwo zathu zonse zili ndi anyezi, ndipo anyezi amawononga magazi a galu.

Pakati pa Ogasiti

Poyenda pachingwe ankandikokera ku chitsa chilichonse ndi pa ngalande iliyonse, mphuno pansi. Ndinkalimbana naye mpaka ndinakumbukira phunziro la Julaye. Ngati akufuna kununkhiza, kununkhizako kukhale malipiro. Chingwe chikakungika ndimaima ngati mtengo, osalankhula. Akabwerera pang'ono chingwe n'kulendewera, ndimati "Eya, pita," n'kuyenda naye mpaka pachitsapo kuti anunkhize mpaka akhutire. Ulendo woyamba, kuchoka pageti kufika pa kagolosale ka pakona, unatitengera mphindi 20. Anthu ankatiyang'ana. Lero tayenda mtunda womwewo mphindi 6.

Madzulo ndimamwaza zidutswa za usipa mu kapinga n'kumusiya afufuze. Mphindi 10 za ntchito ya mphuno zimamugonetsa kuposa kuthamanga.

Kanthu kena kamene kanandidabwitsa. Ndinkaganiza kuti kumusisita pamutu ndi kumuyamikira. Mwana wanga ndiye anandiuza, "Amayi, taonani, mukatero amabweza mutu." Ndinayang'anitsitsa, zoonadi: dzanja likamatsika kuchokera pamwamba amatsinzina n'kupewa. Koma ndikamukanda pachifuwa amatsamira dzanja langa, mwendo wakumbuyo n'kumagunda pansi. Miyezi iwiri yonse ndinkamulipira ndi chinthu chimene ankangochipirira.

Kumapeto kwa Ogasiti

Tinakhala pansi banja lonse chifukwa mawu anachuluka. Ine "Bwera", abambo akunyumba likhweru ndi "Iwe!", ana a pamzere "Zanga kuno!" m'Chitumbuka, mphwanga wa ku sekondale m'Chingerezi. Galu sasankha chilankhulo, koma amafuna liwu limodzi pa chinthu chimodzi. Tagwirizana "Bwera", kamodzi kokha, ndipo palibe womuitana kuti akamusambitse, akamuchotse nkhupakupa kapena akamutsekere. Zimenezo timapita tokha kukamutenga.

Kudumphira alendo kwachepa popanda ntchito yambiri. Akadumpha, munthu amatembenuka osamuyang'ana. Miyendo inayi ikakhala pansi, moni amabwera. Amene akuvuta ndi alendo amene amati "musiyeni, ndi mwana" n'kumamugwira ali chiimire.

"Khala" ndi "Gona" sindikulipiranso nthawi zonse. Nthawi zina usipa, nthawi zina kukanda pachifuwa, nthawi zina kutsegula chitseko chimene akufuna kutulukira. Skinner uja anaona pa makoswe ndi nkhunda kuti khalidwe lolipiridwa mwa apo ndi apo silizilala msanga, ndipo ndikuona kuti Nthanda amakhala mofulumira kwambiri akakhala kuti sakudziwa chimene chibwere. "Bwera" yekha ndiye ndimalipira nthawi zonse, ndiponso mowolowa manja.

Seputembala

Kwatentha, fumbi layamba, mano atsopano akhazikika, ndipo chigamba chabwerera pa ntchito. Maphunziro ndasamutsira m'mamawa ndi madzulo, chifukwa masana amangofuna mthunzi ndi madzi.

Ndagula chingwe cha mamita 10 kuti tiziyesa "Bwera" pa bwalo la mpira. Zotsatira za masabata awiri, monga ndalembera m'kope: pabwalo la pakhomo 9 pa 10, pa bwalo la mpira kulibe anthu 7 pa 10, ana akusewera mpira 4 pa 10, pakakhala galu wina, 1 pa 5. Manambala otsikawo sakundikhumudwitsa monga akanachitira mu Julaye. Akundiuza pamene malipiro anga akuchepera poyerekeza ndi zimene dziko likumupatsa. Pa agalu anzake ndayamba kuchita zomwe zija: abwere kwa ine kaye, ndimugwire lamba wa m'khosi, "Eya, pita," akasewere. Kumuitana kusamatanthauze kuti zokoma zatha.

Ndaonanso, ndipo izi zili m'kope momveka, kuti masiku amene ndabwera kuchokera kusukulu nditatopa, ndili ndi milu ya makope oti ndichonge, ndi amene iye amalephera kwambiri. Mawu anga amauma, "Eya!" amachedwa, ndipo iye amayamba kuyasamula ndi kudzikanda pakati pa phunziro. Masiku otero tsopano sitiphunzira. Ndimamwaza usipa mu kapinga, n'kukhala pakhonde.

28 Seputembala, miyezi 6

Lero ndi tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse, tsiku limene Louis Pasteur, amene anapanga katemera woyamba wa chiwewe, anamwalira mu 1895. Ndatulutsa khadi la katemera la Nthanda n'kulemba pakhoma mwezi wobwereza. Ndakumbutsanso a pamzere amene ali ndi agalu, poti a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati matendawa amaduka agalu 70 pa 100 alionse m'dera akabayidwa. Wanga yekha sangatiteteze. Ndakambirananso ndi dokotala wa ziweto za opaleshoni yotseka kubereka, chifukwa msinkhu woyamba kufuna amuna wayandikira, ndipo mpanda wathu sungaletse agalu a Chibavi yense.

M'mawa uno thadzi lija linalowanso, anapiye ake atakula kale. Nthanda anali womasuka, ine ndili pa mpopi ndi ndowa, chigamba chili m'nyumba pa kabati. Anauma thupi, mwendo m'mwamba. Ndinati "Bwera," kamodzi. Anaima kanthawi kamene kwa ine kanatalika kwambiri, khutu limodzi litatembenukira kwa ine, maso ali pa nkhuku. Kenako anapotoloka n'kubwera chothamanga mpaka kundigunda m'maondo. M'manja ndinalibe kanthu, ndiye ndinamasula mpango kumutu n'kuthamanga nawo kuzungulira nyumba, iye pambuyo, mpaka tonse tinapuma wefuwefu. Agogo anali pampanda akuonerera. "Amama, koma usiku imauwa?" Ndinawauza kuti inauwa Lachitatu pamene munthu anagwedeza geti, iwonso anavomera kuti anaimva.

Kamodzi sikokwanira kuti ndimudalire, choncho chingwe chachitali chikhalapobe nkhuku zikamatsegulidwa. Mwezi wa mawa tiyamba "Dikira" pageti, kuti likatseguka asamatuluke ndisanamuuze, ndipo tiyambira pa chitseko cha kukhitchini. Mpango uja wabooka pawiri, ndauika pa kabati pamodzi ndi chigamba.